KODI MAYESO OYESERERA AMANENA ZOONA? ZIMENE ZAPEZEKA PA MAYESO A MADOTOLO KU AMERICA

Pa 1 Julayi caka ca 2025, akulu-akulu oyang'anira mayeso a madotolo m'dziko la America anakweza mamakisi ofunika kuti munthu apambane gawo laciwiri la mayesowo, kucokera pa 214 kufika pa 218. Mamakisi anai ndi ocepa kwa munthu wongomva nkhani. Koma kwa wophunzira amene wakhala miyezi yambiri alikuwerenga usana ndi usiku, ndiponso kwa banja limene lagulitsa ng'ombe kapena kukongola ndalama kuti limlipirire, mamakisi anai omwewo angathe kukhala malire a pakati pa cilolezo ca udotolo ndi kubwerera kunyumba cimanja-manja. Kusinthaku kunadzutsanso funso limene ophunzira ndi aphunzitsi ao akhala alikufunsana kwa zaka zambiri: kodi mayeso oyeserera, amene munthu amalemba asanalowe m'mayeso eni-eni, anganeneretu zoona za mamakisi amene adzapata?

Funsoli si lacilendo kumidzi. Kholo lililonse limene lili ndi mwana wa Giredi 12 limadziwa mayeso a moko, ndipo limadziwanso cimwemwe kapena nkhawa imene pepala la zotsatira zake limabweretsa pakhomo, miyezi ingapo mayeso a Boma asanafike. Cosiyana ndi cakuti ku America funso limeneli analifufuza ndi ziwerengero za ophunzira zikwi-zikwi, kotero kuti yankho lake silongoganizira cabe. Ndiponso nkhaniyi imakhudza maiko ambiri, pakuti pafupi-fupi dotolo mmodzi mwa madotolo anai alionse ogwira nchito ku America anaphunzira udotolo wake kunja kwa dzikolo. Dotolo wa ku Zambia wofuna kukaonjezera maphunziro m'zipatala za kumeneko ayenera kulemba mayeso omwewo amene mwana wa ku New York amalemba, popanda kumcepetsera funso ngakhale limodzi.

Mayesowa amachedwa USMLE ndipo anayamba mu 1992. Eni ake ndi mabungwe awiri: National Board of Medical Examiners, kapena NBME mwacidule, la mumzinda wa Philadelphia, limene linakhazikitsidwa mu 1915, ndi Federation of State Medical Boards. Ali m'magawo atatu. Gawo loyamba, Step 1, limafunsa za kapangidwe ka thupi, tizirombo, mankhwala ndi magwero a matenda; limatenga maola 8 ndipo mafunso ake amafika 280. Gawo laciwiri, Step 2 CK, limafunsa za kuzindikira nthenda ndi kusamala wodwala. Ndi la maola 9 ndi mafunso oposa 300. Gawo lacitatu limalembedwa masiku awiri. Onse amalembedwa pa kompyuta, ndipo pafupi-fupi funso lililonse ndi kankhani ka wodwala kotsatiridwa ndi mayankho angapo oti munthu asankhepo limodzi.

Cimene cimapangitsa ophunzira kuopa ndi malamulo ozungulira mayesowa. Kuyambira mu Julayi 2021 munthu amaloledwa kuyesa gawo lililonse kanai kokha. Kale anali kuloledwa kasanu ndi kamodzi. Kulephera kulikonse kumalembedwa pa cikalata ca zotsatira ndipo sikufafanizika, conco zipatala zimene munthuyo adzafunsireko malo zidzakuona. Wopambana ndi mamakisi ocepa saloledwa kulembanso kuti angowakweza. Kwa wocokera kunja, gawo limodzi lokha linali kudya madola oposa 1,000 mu 2025, osawerengera ulendo ndi malo ogona ngati malo olemberapo ali kutali. Munthu wotere sangalowe m'cipinda ca mayeso mongoyesa mwai. Afuna cina comuuza tsikulo lisanafike ngati wakonzeka kapena ai.

Ndico cifukwa cake a NBME eni ake amagulitsa mayeso oyeserera, pa mtengo wa madola pafupi-fupi 60 alionse. A gawo loyamba ali ndi mafunso 200 ogawidwa panai, olembedwa ndi kabungwe komweko kamene kamalemba mayeso eni-eni. Palinso mafunso pafupi-fupi 120 amene amapatsidwa kwaulere. Makampani a malonda, monga UWorld ya ku Texas ndi AMBOSS imene inayambira ku Germany, nawonso ali ndi mayeso ao oyeserera ndi nkhokwe za mafunso zikwi zingapo.

ZIMENE ZIWERENGERO ZINAONETSA

Kafukufuku wodziwika kwambiri pa nkhaniyi anafalitsidwa mu 2010 m'magazini ya Academic Medicine ndi a Carol Morrison pamodzi ndi anzao. Iwo anatenga ophunzira 12,224 a m'masukulu a udotolo a ku America ndi ku Canada amene analemba mayeso oyeserera a NBME asanalembe Step 1 kwa nthawi yoyamba, nalinganiza mamakisi awiriwo. Anapeza kuti magawo 67 pa 100 a kusiyana kwa mamakisi pakati pa ophunzirawo pa mayeso eni-eni anali ataonekera kale m'mayeso oyeserera. Atawerengera ndi masiku amene anapita pakati pa mayeso awiriwo, ciwerengeroco cinakwera kufika pa 69. Mu 2014 a Morrison anacitanso cimodzi-modzi pa gawo laciwiri, ndipo ulendo uno anaphatikizamo madotolo ophunzira kunja. Cinapezeka cinali cotsikirapo pang'ono, pafupi-fupi magawo 60 pa 100, kwa a ku America ndi kwa akunja omwe.

Tsono apa mpofunika kudekha, cifukwa ciwerengero ca 67 ambiri amacimva molakwa. Sicitanthauza kuti ophunzira 67 pa 100 anapata mamakisi eni-eniwo amene analoseredwa. Tanthauzo lake ndi ili: pakati pa khamu lonselo ena anakwera kwambiri, ena anatsika kwambiri, ndipo magawo awiri mwa atatu a kusiyana kumeneko mayeso oyeserera anakuona pasadakhale. Pa nkhani ya kuyesa nzeru za anthu cimeneci ndi ciwerengero cacikulu ndithu, ndipo wonena kuti mayeso oyeserera ndi maula cabe alikunama. Koma gawo lacitatu lotsalalo silinaoneke, ndipo m'gawo limenelo ndi mmene mumakhala munthu mmodzi-mmodzi, ndi tulo take, mantha ake ndi mafunso amene anamgwera tsikulo.

Alimi amaidziwa bwino nkhani yotere. Caka ndi caka Unduna wa Zamalimidwe pamodzi ndi a ziwerengero za Boma amatumiza anthu m'minda kukayerekeza zokolola cimanga cisanalowe m'nkhokwe. Ciwerengero ca boma lonse la Petauke kapena Lundazi cimatha kuyandikira coonadi, pakuti munda wina ukacepa pa zimene anayembekeza, wina umapitirira, ndipo ziwirizo zimakwirirana. Koma mlangizi yemweyo akauza mlimi mmodzi kuti adzakolola matumba 40, mlimiyo amadziwa kuti angathe kukhala 34 kapena 46, cifukwa ciswe, ng'ombe za mnansi ndi anyani sizilembedwa m'buku la mlangizi. Mayeso oyeserera ali cimodzi-modzi. Amalidziwa bwino khamu, koma munthu mmodzi amangomdziwa mwapatali-patali.

Pali cina coyenera kuchula. Anthu amene anacita kafukufuku ameneyu anali anchito a NBME, kabungwe komweko kogulitsa mayeso oyesererawo, ndipo wogulitsa mbuzi sanena kuti mbuzi yake ndi yoonda. Komabe masukulu angapo a udotolo anafufuza paokha ndi ana ao, ndipo naonso anapeza kuti mayeso a NBME amagwirizana kolimba ndi zotsatira za Step 1. Conco palibe cifukwa cokwanira cokanira ziwerengerozo, ngakhale kuti ndi bwino kudziwa mwini wake.

NGAKHALE MAYESO ENI-ENI SAGWIRIZANA OKHA-OKHA

Cifukwa cacikulu cimene mayeso oyeserera sangalasire ndendende ndi cakuti candamale ceni-cenico cimagwedezeka. Udotolo uli ndi nkhani zikwi zambiri, ndipo mafunso 300 ndi kadzanja cabe kotapa m'thumba lalikulu. Ophunzira awiri okhala moyandikana tsiku limodzi sapatsidwa mafunso ofanana. Wina amene amadziwa bwino matenda a ana koma ali wofooka pa matenda a impso angathe kukumana ndi mafunso omkomera lero, mawa lake nakumana ndi omtsamwitsa. Eni mayesowo sabisa zimenezi. M'malangizo ao amanena kuti pa Step 2 CK mamakisi a munthu amasewera ndi mamakisi pafupi-fupi 6 kumwamba kapena kunsi kwa mlingo wake weni-weni, ndipo kawiri mwa katatu ndi pamene amagwera m'kati mwa malire amenewo. Kamodzi mwa katatu amatulukira kunja.

Zotsatira zake nzoonekeratu. Wophunzira amene nzeru zake zeni-zeni zili pa 222, pomwe malire opambanira ali pa 218, ali m'manja mwa mwai, ngakhale atapanda kudwala kapena kusowa tulo. Mnzake amene ali pa 250 angathe kutsika ndi mamakisi 10 napambanabe mosabvuta. Kulakwa kwa ulosi nkofanana kwa onse awiri, koma mtengo wa kulakwako ngwosiyana kutali. Ndiye kuti funso lanzeru si lakuti "ndidzapata zingati", koma lakuti "ndaima patali bwanji ndi phompho".

Palinso msampha wina umene ophunzira amadzichera okha. Munthu akalemba mayeso oyeserera kanai napata, mwacitsanzo, 228, 241, 233 ndi 236, mtima umathamangira pa 241, ndipo ndi ciwerengero cimeneco cimene amauza makolo pa foni. Koma mamakisi apamwamba koposa kawiri-kawiri amakhala ndi mwai m'kati mwake, ndipo mwai subwera kawiri motsatizana pa lamulo. Katswiri wina wa ku Britain, Francis Galton, anaonetsa mu 1886 kuti ana a makolo atali kopambana amakhala atali ndithu, koma kawiri-kawiri osafika pa makolo ao. Cinthu copitirira muyeso cimakonda kubwerera capakati. Wophunzira wa m'citsanzoyu ali capafupi ndi 235. Akapata 234 pa tsiku leni-leni adzadandaula kuti mayeso oyeserera anamnamiza, cikhalireco anadzinamiza yekha posankha ciwerengero comkondweretsa.

Nthawi nayo ili ndi mbali yake. Ulosi wa miyezi iwiri mayeso asanafike sulingana ndi wa mlungu umodzi, pakuti pakatipo munthu amaphunzira zatsopano ndi kuiwala zakale. Alimi a dziko lino sadzaiwala caka ca 2024, pamene minda yambiri imene inali yobiriwira mu Januwale inapserera mu Febuluwale, kufikira Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Woyerekeza zokolola mu Januwale sananame, anangofulumira. Ncifukwa cake a NBME, popereka zotsatira za mayeso oyeserera a gawo loyamba, amanena poyera kuti ulosi wao ngwa munthu amene adzalemba mayeso eni-eni m'kati mwa mlungu umodzi.

Koma cimene cimaononga ulosi koposa zonse ndi kalembedwe ka wophunzira mwini. Mayeso a NBME munthu angathe kuwalemba m'njira ziwiri: mothamangitsana ndi nthawi monga m'cipinda ca mayeso, kapena mwapang'ono-pang'ono ndi nthawi yoculuka. Kafukufuku wa 2004, wa kabungwe komweko, anapeza kuti olemba mothamangitsana ndi nthawi ndiwo amene mamakisi ao anagwirizana bwino ndi a mayeso eni-eni. Nzosadabwitsa. Wolemba ali pabedi, naimitsa kuti adye nsima, nasuzumira m'buku pa funso limodzi lobvuta, walemba mayeso ena, osati amene alikumyembekeza. Cimodzi-modzi wobwereza pepala limene analembapo kale, kapena limene mnzake anamfotokozera: mamakisi amakwera, koma cokwera ndi cikumbukiro ca mayankho, osati nzeru za udotolo. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo ngakhale wolemba moona mtima akumbukire kuti mafunso 200 a maola asanu si mafunso 280 a maola asanu ndi atatu; kutopa kwa madzulo sikuyesedwa m'mayeso oyeserera.

KUSINTHA KWA CAKA CA 2022

Kafukufuku wa 2010 uja anacitika pamene Step 1 inali kupereka mamakisi. Kuyambira pa 26 Januwale 2022 gawo limeneli limangonena kuti munthu wapambana kapena walephera, ndipo pa tsiku lomwelo malire anakwezedwa kucokera pa 194 kufika pa 196. Colinga cinali kucepetsa mpikisano umene unali kudwalitsa ophunzira, pakuti zipatala zinali kusefa ofunsira malo ndi ciwerengero cimodzi cimeneco. Cimene cinatsatira ambiri sanaciyembekeze. Mwa ophunzira a digiri ya MD a m'masukulu a ku America ndi Canada olemba koyamba, 96 pa 100 anapambana mu 2021, koma mu 2022 anatsika kufika pa 93, ndipo mu 2023 pa 92. Kwa ophunzira kunja kutsikako kunali kwakukulu: 82 pa 100 mu 2021, 74 mu 2022, ndi 72 mu 2023. Akatswiri amachula zifukwa zingapo, monga kukwezedwa kwa malire, kusokonezeka kwa maphunziro m'nthawi ya mliri wa Covid-19, ndi kucepa kwa khama pakati pa ophunzira amene anaganiza kuti kungopambana nkosabvuta.

Mayeso oyeserera naonso anasintha kalankhulidwe. Tsopano a gawo loyamba amapereka mamakisi a pa 100, pamodzi ndi mwai umene munthu ali nao wopambana. Mamakisi a pakati pa 62 ndi 68 amasonyezedwa monga dera la opambana mwapang'ono. Kalankhulidwe kameneka nkoona mtima kuposa kakale, cifukwa sikalonjeza ciwerengero cimodzi. Koma nakonso kamafuna womva bwino. Pepala likanena kuti mwai wopambana ndi 90 pa 100, wophunzira amaona ngati nkhani yatha. Cikhalireco tanthauzo lake ndi lakuti mwa anthu 10 onga iye, mmodzi adzalephera. Palibe mlimi amene angaoloke Luangwa ndi mtima wokhazikika pa bwato limene limamira ulendo umodzi mwa maulendo khumi. Ndico cifukwa cake alangizi a m'masukulu ambiri amauza ana ao kuti asadalire pepala limodzi, koma aone mamakisi opitirira dera lija pa mapepala awiri kapena atatu atsopano, olembedwa motsatizana.

Mpikisano umene unacotsedwa pa gawo loyamba sunafe. Unangosamukira ku Step 2 CK, kumene mamakisi akalipobe ndipo zipatala zimawayang'anitsitsa. Kumeneko ophunzira safuna kungodziwa ngati adzapambana, koma ngati adzapata 245 kapena 255, ndipo apa ndi pamene mayeso oyeserera amafunsidwa zimene sangathe kuyankha. Kusiyana kwa mamakisi 10 kuli pafupi kwambiri ndi kugwedezeka kwa mayeso eni-eniwo.

Njala ya ciwerengero imeneyi yabala malonda. Pa intaneti pali zowerengera zimene munthu amalowetsamo mamakisi ake onse oyeserera, izo nkumuuza zimene adzapata. Zambiri mwa izo zinamangidwa pa mamakisi amene ophunzira anapereka okha mwa kufuna kwao. Bvuto lake nlodziwika m'mudzi uliwonse: wokolola bwino ndiye amaima pamseu kusimba za munda wake, wokolola zocepa amalowa m'nyumba mwakacetecete. Ngati opereka ziwerengero ali makamaka opambana, ulosi wocokera mwa iwo udzakomera aliyense, ndipo wofooka ndiye adzanyengeka kwambiri. Za mayeso a makampani, ophunzira ambiri amasimba kuti ena amapereka mamakisi ookomeza. Mwina nzoona, mwina ai, koma a NBME ali ndi mwai umene kampani ilibe: iwo ali ndi zotsatira za munthu aliyense amene analemba mayeso eni-eni, wopambana ndi wolephera yemwe.

Ena anapitirira pamenepo nafuna mafunso eni-eniwo. Mu Januwale 2024 eni a USMLE analengeza kuti afafaniza zotsatira za gulu la olemba okhudzana ndi dziko la Nepal, atapeza kuti mayankho ao anali kufanana modabwitsa, cizindikiro cakuti anaona mafunso asanalowe. Mapepala a kukhoti anachula anthu 832. Mafunso otere amasonkhanitsidwa kucokera kwa amene alemba kale, nagawidwa mobisa monga "zoyeserera". Wowagwiritsa nchito sadziwa mlingo wake weni-weni, ndipo akagwidwa amataya ndi zimene anazigwirira nchito moona.

Masukulu naonso amagwiritsa nchito mayeso oyeserera, ndipo makolo ayenera kumvetsa mmene amacitira. Masukulu ambiri a udotolo, makamaka a pa zisumbu za Caribbean amene amalandira ana ocokera maiko osiyana-siyana, salola wophunzira kukalemba Step 1 asanafike pa mamakisi oikika pa mayeso a NBME olembedwa pasukulupo moyang'aniridwa. Mbali ina ndi cifundo, pakuti amamteteza ku kulephera kosafafanizika. Koma mbali ina ndi yakuti sukulu ikalengeza kuti ana ake oposa 90 pa 100 amapambana, ciwerengeroco ndi ca okhawo amene analoledwa kulemba. Amene anatsekeredwa pa cipata, atalipira kale zaka ziwiri, sawerengedwa. Kholo lofuna kutumiza mwana ku sukulu yotere lifunse kuti mwa ana amene anayamba caka coyamba ndi angati anafika pa mayesowo.

Pali ubwino umodzi wa mayeso oyeserera umene sudalira ulosi konse. Mu 2006 akatswiri awiri a ku Washington University mumzinda wa St. Louis, a Henry Roediger ndi a Jeffrey Karpicke, anaonetsa kuti ophunzira amene anayesedwa pa nkhani imene anawerenga anaikumbukira bwino patapita mlungu umodzi kuposa anzao amene anangoiwerenga mobwereza-bwereza. Kudzifunsa mafunso ndi njira yophunzirira, osati yoyezera cabe. Sikelo ya kumsika siinenepetsa nkhumba, koma sikelo iyi imatero, malinga wophunzira abwerere ku funso lililonse limene analakwa nafufuze cifukwa cake. Wongoyang'ana ciwerengero ca pamwamba natseka kompyuta wataya theka la ndalama zake.

KODI MAMAKISI NDIWO UDOTOLO?

Wodwala wa pa cipatala ca St. Francis ku Katete sadzafunsa dotolo za mamakisi ake, ndipo angathe kudabwa ngati zonsezi zili ndi phindu kwa iye. Umboni ulipo wakuti mayesowa si mwambo cabe. Mu 2014 a John Norcini ndi anzao anafufuza za odwala mtima oposa 60,000 amene anagonekedwa m'zipatala za m'cigawo ca Pennsylvania ndi kusamalidwa ndi madotolo ophunzira kunja kwa America. Anapeza kuti odwala a madotolo amene anapata mamakisi apamwamba pa Step 2 CK anali kumwalira mocepa pang'ono. Pa makisi imodzi kusiyanako nkwakung'ono kwambiri, koma pa mamakisi pafupi-fupi 20 ngozi ya imfa inasiyana ndi magawo anai pa 100 a ngoziyo. Apanso ciwerengero cikunena za khamu; sicinganene kuti dotolo uyu wa 230 ndi woipa kuposa uyo wa 250. Ndiponso gawo limene linali kuyesa mmene dotolo amalankhulira ndi kupima wodwala maso ndi maso, Step 2 CS, linathetsedwa mu Januwale 2021. Manja ndi pakamwa pa dotolo siziyesedwa ndi mafunso osankha yankho, conco mayeso oyeserera a mafunso otere sanganene kanthu za izo.

Dziko la Zambia linatulutsa madotolo ake oyamba pa University of Zambia mu 1973. Lero masukulu a udotolo aculuka, a Boma ndi a anthu wamba, ndipo acinyamata ena amakaphunzira ku China, ku Russia ndi kwina. Kabungwe ka Health Professions Council of Zambia ndiko kamalemba anchito a zaumoyo m'kaundula, ndipo kamalembetsa mayeso a cilolezo. Ziwerengero za ku America sizingasamutsidwire pa mayeso amenewa monga mmene zilili. Mayeso oyeserera amalosa mayeso okhawo amene analinganizidwa nao, pa anthu onga amene anayesedwapo. Pepala la NBME silinganene za mayeso a ku Lusaka, ndipo pepala lokonzedwa ndi mphunzitsi wapadera wolipiritsa, ngakhale likhale labwino pophunzirira, silikhala ulosi kufikira wina atalinganiza mamakisi ake ndi zotsatira zeni-zeni za ophunzira ambiri, olephera omwe. Wolonjeza kuti "wopata 70 kwa ine wapambana kale" afunsidwe kuti anawerenga anthu angati, ndi kuti amene analephera anawalemba pati.

Pa zonse zimene zafufuzidwa, mau odalirika koposa a mayeso oyeserera ndi akuti "sunakonzeke". Kafukufuku wa 2010 uja anaonetsa poyera kuti a mamakisi otsika pa zoyeserera ndiwo anali pa ngozi yaikulu yolephera, ndipo nkobvuta kuti munthu wodziwa zinthu atsike kwambiri pa mapepala awiri kapena atatu motsatizana mwa tsoka lokha. Cenjezo lotere limapweteka, makamaka pamene abale alikufunsa tsiku ndi tsiku kuti mayeso ndi liti, ndipo ndalama za lendi zilikutha. Ambiri amalowabe, poganiza kuti tsikulo zinthu zidzayenda. Komatu malamulo a USMLE amapatsa wolemba nyengo ya miyezi itatu yoti asankhemo tsiku, ndipo nyengoyo angathe kuitalikitsa kamodzi ndi miyezi ina itatu polipira ndalama zocepa poyerekeza ndi mtengo wa mayeso. Wolephera amalipiranso ndalama zonse za mayeso, amatsala ndi mipata itatu mwa inai, ndipo cipatala ciliconse cimene adzafunsireko malo cidzaona kulepherako pa cikalata cake.